Bala Kumanzere, Kufooka Kumanja

Ndikukumbukira chaka chimene bambo anagwa panjinga pamtsetse wina chakwa Phalula, atanyamula madengu a tomato. Anamenyetsa mutu pamwala, bala lili kumanzere, pamwamba pa khutu. Koma atatsitsimuka kuchipatala, chimene chinakana kugwira ntchito ndi dzanja lamanja. Linangoti lende, lopanda ndi kachilonda komwe. Mawu nawonso amatuluka movutikira.

Azakhali, alongo awo a bambo, sanazimvetse. Iwo amati ngati bala lili kwina, kufooka kuli kwina, ndiye kuti dzanjalo ndi ntchito ya munthu. Munthuyo sanamutchule, koma maso awo amathera pa amayi. Bambo anali mkamwini m'mudzi mwathu, ndipo azakhali analengeza kuti akangokolola adzawatengera kwawo ku Rivirivi. Ine ndinachita mantha kuti bambo sitidzawaonanso.

Adokotala anayesetsa kufotokoza. Anati kuti dzanja lisunthe, lamulo limachokera muubongo, n'kutsika m'mitsempha ya m'kati mwa msana mpaka kukafika kuminofu. Koma cha kunkhongo mitsemphayo imapingasana, yochokera kumanzere n'kulowera kumanja. Anachita kupingasa mikono yawo kuti tione. Azakhali anangoti chabwino, nkhope ili gwa.

Titabwerera kunyumba, amayi ankawaikira bambo ndimu m'dzanja lija m'mawa uliwonse kuti azifinya. Ine ntchito yanga inali yotola ikagwa, ndipo ndinatola mpaka kudana nalo fungo la ndimu. Chimanga chinauma m'munda zala zikungonjenjemera basi.

Azakhali anafika ndi ngolo monga ananenera. Amayi anamanga zovala za bambo, n'kugwada kuti awaveke nsapato. Pamene amadzuka, chinachake chinawakoka. Zala ziwiri za dzanja lamanja lija zinali zitakola nsonga ya chitenje chawo.

"Achimwene, tasiyani tizipita," anatero azakhali.

"Iyayi," anayankha bambo. Liwulo linatuluka lopindika, koma tonse tinalimva.

Masiku ano munthu akavulala chonchi amamujambula mutu, chithunzi n'kuonetsa pamene pavuta, nkhani n'kuthera pomwepo. Ife chithunzi tinalibe. Amayi anawomboledwa ndi zala ziwiri zija, ndipo bambo anakalambira kwathu.