Eda Yanga Inali Itatha

Pali bodza limene ndakhala nalo zaka zitatu tsopano, ndipo amalidziwa ndi apongozi anga okha. Ndinanama kuti ndili pa eda, pofuna kuti ndisaonane ndi munthu amene mwamuna wanga anamufera.

Mwamuna wanga anali msilikali. Anapita ku Kongo kukasungitsa mtendere mwana wathu wamkazi ali ndi miyezi isanu, nabwerako m'bokosi. Ndinakhala eda kwathu ku Katuli monga amachitira wamasiye aliyense wachisilamu: miyezi inayi ndi masiku khumi, osadzikongoletsa, osacheza ndi amuna achilendo. Itatha, anandiitana kukampu kukalandira mendulo ya malemu. Pamodzi ndi menduloyo anandipatsa pepala la Chingerezi. Abale ankangosirira kunyezimira kwa chitsulocho, koma ine wa satifiketi ya kukoleji ndinawerenga liwu lililonse. Pepalalo linati iye anali atatuluka kale pamene pankalira mfutipo, alibe ndi bala lomwe, kenako anabwerera kukanyamula mnzake wovulala. Mnzakeyo anapulumuka.

Anabwerera! Akudziwa kuti kunyumba wasiya khanda. Ena ankati ngwazi, ine mumtima ndinkati watitaya.

Loweruka lina ndikuyanika matewera, njinga yamoto inaima pabwalo. Anatsika apongozi, kenako bambo wina wowonda, wa ndodo ziwiri, mwendo wina wa buluku ataupinda ndi pini. Sindinafunse kuti ndi ndani. Ndinanyamula mwana n'kudzitsekera m'nyumba.

Ndinamumva akuseketsa apongozi pamene ankamuyalira mkeka pansi pa mtengo wa mango. “Amayi, akabaza a kuno alibe chisoni. Mwendo wina ndinausiya ku Kongo, koma andilipiritsa ngati munthu wathunthu!”

Apongozi analowa akupukuta m'maso. “Mwananga, tatuluka. Uyu ndi mnzake uja. Wangotuluka m'chipatala. Akuti ali ndi mawu amene malemu ananena atagona pambali pake, ndipo mawuwo ndi ako wekha. Ine wandikaniza.”

“Muwauze kuti ndili pa eda.”

Ndi iwo amene anandigulira nsalu yatsopano tsiku limene eda inatha.

“Ukundituma kukanama pa dzina la Mulungu?”

“Muwauze choncho, amayi.”

Anapita, ndipo anakanama m'malo mwanga. Mlendoyo anali Mkhristu wa kunyanja, masiku a eda sankadziwa kuwerenga kwake. Anapepesa, nati sanafune kulakwira mwambo. Koma sanachoke msanga. Anakhala mpaka dzuwa litapendeka, poganiza kuti mwina mwana yekha angatulutsidwe kuti amuone. Mwanayo analira, ine ndinamutseka pakamwa ndi bere. Ndinkasuzumira pazenera, ndipo, Mulungu andikhululukire, ndinkawerenga zimene anatsala nazo: maso, manja, mpweya. Zonsezo ndinkati ndi za mwamuna wanga.

Pochoka anakweza mawu molunjika kuchitseko. “Alamu, ndikupita. Mawu anu ndikusungirani, sawola. Nambala yanga ndasiyira amayi.”

Kapepala ka nambalako apongozi anandipatsa m'manja. Atangotembenuka ndinakaponya pambaula.

Lero mwana wanga ali kusukulu yamkaka. Amakonda kuvala mendulo ija, imamufika pamchombo, n'kumaguba pakhonde. Mwezi watha anandifunsa, “Amama, adadi pomwalira ananena chiyani?” Ndinati sindikudziwa. Ndi zoona, koma amene anachititsa kuti ndisadziwe ndine. Mawuwo mwina anali akenso, ine n'kumumana.

Munthuyo sangavute kumupeza, kukampu angandilozere. Kawiri konse ndavala kuti ndipite, n'kuvulanso. Ndikamuuza chiyani, kuti ndinamusiya panja ndi mwendo umodzi chifukwa cha bodza? Komanso ndimaopa mawuwo. Ngati malemu anapepesa, ndidzayenera kumukhululukira. Ngati sanatitchule n'komwe, ndidzamuuza chiyani mwanayu?

Apongozi sanayambitseponso nkhaniyi. Amangoti akabwera, akaona mdzukulu wawo akuguba, amandiyang'ana kamodzi n'kuwerama.

Inu amene mwawerenga, makamaka amayi anzanga, ndiuzeni. Tsiku lija ndikanatuluka, ndikanamulankhula mawu oipa munthu wosalakwa, ndikudziwa. Kodi potseka chitseko chija ndinachita bwino, kapena ndinabera mwana wanga mawu omaliza a bambo ake?