Chithunzi cha amayi pa Sabata

Mwaswera bwanji nonse.

A bungwe lachifundo lija lofuna kupatsa kalabu ya amayi mbande za tiyi andiimbira lero. Akuti zonse zatheka, koma asanatumize mbandezo akufuna chithunzi cha amayi, monga wapampando, akuthyola tiyi. Akachiika pa webusaiti yawo kuti opereka thandizo aone. Wojambula abwera Loweruka, pa Sabata penipeni, tsiku limene amayi sagwira ntchito.

Ine ndi pakamwa panga paja ndayamba kunenerera ngati ndikugula mbuzi pa msika wa Khonjeni. Lamlungu akana. Lachisanu akuti galimoto ili kwina. Ndakhala chete dala kuti andinyengerere, iwo angotsanzika n'kudula foni.

Ndiye ndapita kukanenerera kwa amayi. Ndati, "Musathyole ayi. Mungobereka dengu, dzanja pa tsamba, n'kumwetulira."

Andiyang'ana nati, "Iwe, ukufuna ndinamize ndani? Abungwewo kuti ndikuthyola, kapena Mulungu kuti sindikuthyola?"



Mbande zikaphonyeka, azimayi a kalabu adzaloza chala amayi. Komatu amayi aang'ono a ku Mphuka amapemphera Lamlungu, ndipo nkhope yawo ndi ya amayi ndi imodzimodzi. Achimwene, achemwali, ndiwaimbire?