Foni ya a Chigamba pa Wailesi

Shopu yanga yosokeramo zovala ndi shopu ya a Chigamba zinangosiyanitsidwa ndi thabwa lopyapyala. Iwo akatsokomola ine ndimamva, ine ndikathyola singano iwo amati pepani. Ndiye musamati ndimatchera khutu dala ayi, nkhani zimangondipeza ndili pamakina panga.

A Chigamba ndi osoka nsapato. Dzinali n'longowapatsa, chifukwa kwa iwo nsapato siitha. Ikang'ambika amaika chigamba, chigambacho chikang'ambika amaikanso china pamwamba pake. M'shopu mwawo mumanunkha guluu ndi chikopa. Pansi pali mbwee timisomali ndi zidutswa za matayala, ndipo pashelefu, pakati pa nsapato zimene eni ake anaziiwala kalekale, pamakhala kawailesi komangidwa ndi mphira kuti mabatire asagwe.

Kale, timu ya mumzinda muno isanagulidwe ndi kampani, osewera ankabwera okha kudzasoketsa nsapato za mpira. Ankakhala pabenchi, phazi limodzi lili ndi sokosi yokha, n'kumacheza mpaka ntchito ithe. Kaputeni wa timuyi, wamtali uja wosewera kumbuyo, anayamba kubwera asanamere ndevu. A Chigamba ankamukalipira ngati mwana wobereka okha, ati amaponda ngati ng'ombe. Pano osewera amangopatsidwa nsapato zonyezimira ndi makampani, zikang'ambika amataya, ndipo pabenchi paja pamangokhala ife ndi masilipasi athu oduka.

Koma si zimenezo zimene zinkawawawa kwambiri. Chinkawawawa ndi mpira weniweniwo.

"Atelala," amatero akukhoma chidendene, "mwaiona jezi yatsopano?"

"Ine ndi mpira wapi ndi wapi, aneba."

"Dzina la timu alilemba kakang'ono ngati nsabwe. Koma la kampani ya juga lachokera kukhwapa uku kukafika kukhwapa uko. Mwana akamaphunzira kuwerenga, mawu oyamba pachifuwa pa bambo ake akhale oti betcha?"

Akayamba samalekeza. Ati masewero anawasunthira masana dzuwa lili paliwombo chifukwa eni kanema ndi amene afuna nthawi imeneyo. Ati kuseri kwa golo, kumene iwo anaimako kuyambira ali mnyamata, anatchingako ndi zikwangwani zamalonda, moti munthu umaona mitu ya osewera yokha. Ati oulutsa mawu masiku ano sadziwa kufotokoza mpira, amangodziwa kukuuza kuti ukabetchera uyu upata zingati. "Tinali eni timu," amatero, "pano tangokhala makasitomala. Ndipo kasitomala salira timu ikagonja, amangosamukira sitolo ina."

Lolemba lililonse masana pawailesi pamakhala pulogalamu yoti okonda mpira aziimba foni, ndipo a Chigamba sankaphonya. Ankapukuta manja pa epuloni, n'kukhala tsonga ngati akuwaona. Muulutsi wake ankawakonda, akangomva mawu awo ankati, "A Chigamba afika, aliyense abise nsapato zake." Anthu mumsewu muno ankasiya ntchito kuti amve.

Mayi a kunyumba kwawo anamwalira ana akadali pasukulu. Akuluakulu awiri anakwatiwa kutali, ndiye anatsala ndi wotsiriza, amene tonse timangomuti Mzime. Mtsikana ameneyu anakulira m'shopu momwemo, homuweki ankalembera pabokosi la polishi. Diresi lake la tsiku lomaliza maphunziro a utolankhani ndinasoka ndine. Atamaliza anayenda, mwana uja, kusaka ntchito mpaka nkhope kuda. Kenako mwayi unapezeka kuwailesi komwe kuja, ndipo anamuika pa pulogalamu yomwe ija ya Lolemba.

Ntchito yake inali yolandira mafoni. Paja munthu ukaimba sufikira kwa muulutsi ayi. Umayamba wadutsa kwa wina amene amakufunsa kuti ndinu ndani, mukufuna kunena chiyani, ndiye iyeyo akakhutira amakulumikiza. Munthu ameneyo anali Mzime. Bambo ake ananyada mpaka kuuza aliyense wobwera ndi nsapato, ngakhale wongofunsa njira. Koma kuntchitoko iye sanauze munthu kuti a Chigamba otchuka aja ndi bambo ake. Anali asanamukhazikitse pantchito, ndipo ankaopa kuti azinenedwa kuti amakondera.

Pasanapite nthawi kampani ya juga ija inayamba kulipirira pulogalamuyo. Madzulo ena Mzime anafika kushopu, n'kukhala pabenchi osavula chikwama paphewa.

"Ababa, abwana anena kuti wosoka nsapato uja asamalowenso pawailesi."

"Wosoka nsapato uti?"

"Musandivutitse, ababa. Alipo angati?"

Nyundo inasiya kulira. Ine nanenso ndinachotsa phazi pamakina.

"Ndiye iwe unati chiyani?"

"Ndikanati chiyani? Ndinati chabwino bwana. Chonde, musamaimbenso. Mukaimba ndine amene ndiyankhe, ndipo sindikufuna kuwakaniza bambo anga pafoni ngati munthu wachilendo. Ingodikirani andikhazikitse kaye."

A Chigamba anaika nyundo pansi. Kenako anati, "Wamva njala? Tiye tizipita kunyumba." Potseka chitseko ndinawamva akunena motsitsa kuti, "Sindiimbanso, mwana wanga."

Ndipo anasungadi mawu awo, ine ndine mboni. Lolemba likafika kawailesi ankatsegula ndithu, koma ankakhoma nsapato mwamphamvu ngati yawalakwira. Wina akanena zopusa pawailesipo ankangoti "mhm," n'kumeza. Wogulitsa makala wapangodya ankawaseka, amvekere, "Madala, mawu anatha mayunitsi kodi?" Iwo ankangoti mano akuwawa.

Ndiye kunabwera masewero aakulu aja, amene anawalengeza mwezi wathunthu, nkhope ya kaputeni ili pachikwangwani chilichonse. Mumzinda monse zinkamveka kuti bondo lake silili bwino, koma anamulowetsabe. A Chigamba anakaonera pakanema wa m'shopu ya ometa tsitsi, poti kubwalo anasiya kupitako. Chigawo chachiwiri chili mkati, munthu uja anadumphira mpira, potera bondo linapinda cham'mbali, n'kugwa osadzukanso. Akumunyamula pamachira, kanema anachotsa chithunzi n'kuika malonda, ndipo m'munsi munadutsa mawu ouza anthu kuti tsopano kubetchera timu inayo kwakoma. Ometa tsitsi anandiuza kuti a Chigamba anaimirira, kuvala chipewa, n'kutuluka osatsanzika.

Lolemba lake anafika m'mawa koma sindinamve nyundo. Pulogalamu itayamba, anthu ankangoimba kudandaula za ndalama zawo zimene zinapita, wina mpaka kutukwana kaputeni kuti anagwa dala. Apo ndinamva mpando ukukhuluzika, kenako timabatani ta foni.

Ndinaitana kuti, "Aneba," koma anapitiriza kudina.

Ine ndinkamva mbali yawo yokha. Zimene Mzime ankayankha anadzandiuza yekha pambuyo pake, atabwera kudzatenga siketi yake. Ati nambala anaizindikira atangoiona. Anayankha monga amayankhira aliyense, kuti muli pa pulogalamu ya zamasewero, ndinu ndani, mukufuna kunena chiyani.

"Ndine bambo ako."

"Ababa, munalonjeza."

"Ndinalonjeza. Koma wamva mmene akumunenera mwana uja? Ali m'chipatala, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe wafunsa kuti wadzuka bwanji. Ndingomupepesa basi."

"Mungomupepesa?"

"Ndingomupepesa."

Ati anayang'ana abwana ake kudzera pagalasi, anayang'ananso batani, n'kudina.

A Chigamba anayambadi bwino. Anapereka moni, n'kunena kuti kaputeni amamudziwa kuyambira ali wosamera ndevu, Mulungu amuchize. Akanalekera pomwepo bwenzi nkhani ino palibe. Koma muulutsi, mwina mwa chizolowezi, anafunsa kuti, "Nanga masewerowo munawaona bwanji, a Chigamba?" Basi chinatseguka.

"Masewero ake ati? Ine ndinaona msika. Munthu bondo lili chotupa mwamulowetsa chifukwa nkhope yake munaigulitsa kale. Wagwa, simunadikire n'komwe kuti atuluke m'bwalo, mwayamba kuitanira malonda pamutu pake. Inu a wailesi, amene akukulipirani aja akakuuzani kuti sekani pamaliro, museka? Ana athu akusiya..."

Sanamalize. Panalowa nyimbo ya kampani yomweyo.

Mumsewu muno kunali chisangalalo. Wamakala anabwera kudzawagwira chanza, amakaniko a kuseri anabwera ndi manja awo a girisi, wina anawagulira chakumwa chozizira. Iwo ankangogwedeza mutu. Chakumwacho chinakhala pashelefu mpaka kufunda.

Mzime anamuchotsa ntchito sabata yomweyo. Abwana anamufunsa ngati sanaizindikire nambala, iye anati anaizindikira, ndi ya bambo ake. Sanamukalipire n'komwe, anangoti asiye khadi lolowera pageti. Kunyumba sanabwerere, anakakhala kwa mnzake. A Chigamba ankaimba foni, iye osayankha. Masiku amenewo munthu uja anachepa thupi ndikuona. Ankafika, kutsegula shopu, n'kukhala ndi nsapato imodzi pamwendo mpaka dzuwa kupendeka.

Tsiku limene anabwera kudzatenga siketi lija, atamaliza kundifotokozera, ndinamuuza kuti, "Mwanawe, khomo la bambo ako ndi ili pafupipa. Sungadutse ngati sukuwadziwa." Anapukuta m'maso, n'kulowa.

"Ababa, ndikupita kwa achemwali. Alamu akuti kusitolo kwawo kukufunika munthu wapakauntala."

"Wapakauntala. Ndi sukulu yonse ija?"

"Nanga nditani?"

"Ndipita ineyo kwa abwana akowo. Ndikagwada. Ndikanena kuti ndinakunamiza."

"Anaika kale wina."

Kenako a Chigamba anafunsa ndi mawu amene sindinawamvepo, aang'ono ngati a munthu wodwala.

"Nanga unandilumikiziranji? Umandidziwa ine pakamwa panga. Ukanangodula."

"Ndidule foni ya bambo anga? Ine ndimadikira kuti mudula ndinu, ababa. Mpaka podina batani paja ndimadikirabe."

Ndinangomva akufwenthera m'kansalu kawo kopukutira polishi.

M'mawa mwake anamuperekeza kokwerera basi. Anadutsa pakhomo panga, mtsikana patsogolo, bambo pambuyo atasenza chikwama paphewa, atavala jekete lawo la kutchalitchi. Mzime anandikwezera dzanja, iwo anangoyang'ana pansi.

Pano papita miyezi. Mzime amaimba mwa apo ndi apo, kufunsa ngati akumwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi, iwo n'kuyankha kuti eya, iye n'kuti chabwino. Sanabwereko. Kaputeni uja ndinamva kuti mpira anasiya, amayenda chotsimphina. Anthu akabwera kudzawaputa a Chigamba kuti anenepo za timu, amangofunsa kuti nsapato yanu yavuta pati.

Dzana, mvula ikugwa, makasitomala kulibe, anabwera kudzaima pakhomo la shopu yanga, chinthu chimene sachitachita.

"Atelala, zimene ndinanena tsiku lija, zinali zabodza?"

"Zinali zoona, aneba."

"Eya. Zinali zoona." Anayang'ana madzi akutsika m'ngalande. "Koma ntchito imene ndinalipira nayo inali ya mwana, sinali yanga."

Ndinawasendezera mpando, anakhala, tonse n'kumangoonera mvula.