Ndinabwereketsa nkhope ya bambo anga

Inu owerenga, ndivomereretu kuti wopusa ndinali ine. Palibe amene anathyola nyumba yanga. Chithunzicho ndinachitulutsa ndekha mu sutikesi n'kuchipereka ndi manja awiri, uku ndikumwetulira.

Bambo anga anatengedwa pamsika wa Zalewa ndili kamtsikana, nthawi ya chipani chimodzi. Mlandu wawo unali kufunsa chifukwa chimene mwana wa m'mimba amamugulira khadi la chipani. Amene anakawanenera anali tcheyamani wa kwathu ku Magaleta, ndipo mudzi wonse unkadziwa. Bambo sanabwererenso, ndipo m'nyumba mwathu munalibe chithunzi chawo n'chimodzi chomwe.

Titangovomereza matipate, pa tiyirumu yanga pa Zalewa panafika bambo wina wowonda, wotsimphina. Anati anali m'selo imodzi ndi bambo anga, ndipo ntchito yake inali kujambula anthu amene boma linkafuna kuti aiwalike. Anatambasula pepala lochindikala patebulo. Mayo ine! Bambo anga enieni, ndi kachipsera kawo ka pachipumi, atakhala pansi akusoka malaya a mkaidi mnzawo.

M'munsi mwake munali siginecha ya pensulo ndi manambala, 7/30. Anandifotokozera kuti nkhopeyo anaigoba pathabwa, n'kudinda mapepala makumi atatu okha, thabwalo n'kuliwaza ndi nkhwangwa. Enawo anali atapita kale kunja. "Musamale mayi, chikatayika ichi palibenso china," anatero. Ndinagwedeza mutu, koma mumtima ndinkati chithunzi chili ngati kalendala, ikatha amadinda ina.

Ndiye kunabwera msuweni wanga, mwana wa azakhali, amene ndinakula naye tikudyera mbale imodzi. Ankapikula katundu ku Blantyre. Atachiona anaseka n'kunena kuti, "Iwe, amalume azikhala mu sutikesi ngati zovala za Khirisimasi? Bweretsa ndikawaikire galasi." Ndinamupatsa. Patatha sabata anabwera nacho chili m'felemu yonyezimira, ndipo mayi anga analira atachikoleka pabalaza kwathu ku Magaleta.

Chisankho chitayandikira, pa Zalewa panachitika msonkhano wa kampeni, pafupi ndi tiyirumu yanga. Wolankhula anali tcheyamani yemwe uja, atangosintha mtundu wa malaya. Ndinamva akukuwa kuti, "Uyu anali m'bale wanga, tinavutikira limodzi!" Nditasuzumira, m'manja mwake munali bambo anga, pa pepala lochindikala lija. Azimayi ankaimba nthungululu. Pambali pake panaima msuweni wanga, akumugwirira ambulera.

Inu owerenga, mtima unandiwawa kuposa tsiku limene bambo anatengedwa. Ndinasiya tiyi pamoto, ndinakwera matola mpaka ku Magaleta n'kukanganula felemu ija ndi mpeni. M'katimo munali kapepala kopyapyala ka fotokope. Ndinapukuta manambala aja ndi chala, sanafufutike, chifukwa sanali a pensulo.

Msuweniyo nditamufunsa sanachite n'komwe manyazi. Anati, "Kodi si nkhope yomweyo? Ukulira chiyani iwe?" Kwa tcheyamani sindinafike ndi pakhonde pomwe, anandibweza pageti kuti chithunzicho ndi mphatso yochokera kubanja lathu. Tcheyamaniyo atagwa pachisankho anasamuka, ndipo pepalalo sindinalionenso. Wojambula uja ndinachita naye manyazi, sindinamufunefune.

Fotokope ija sinapirire chinyezi cha kumapiri kwathu. Kachipsera ndi kamene kanayamba kuzimiririka, kenako maso. Mayi, m'masiku awo omaliza, ankaiyang'ana n'kumandifunsa kuti munthu ameneyu ndi ndani.

Choncho inu owerenga, munthu wodziwa ntchito yake akakuuzani kuti chinthu chilipo chimodzi chokha, mumvereni. Ngati chikufunika galasi, kwerani basi mupite nacho nokha, ndipo muime pomwepo mpaka msomali womaliza. Musamati poti ndi wachibale. Ine bambo anga anandilanda kawiri, ndipo kachiwiriko ndinachita kuwapereka ndekha.