Phazi la Bambo Lindqvist

Doreen Kowalchuk anaimba vayolini zaka makumi awiri m'gulu la okestra la tauni yawo ku Saskatchewan, m'dziko la Canada. Kamtengo kotsogolera nyimbo ankangokaonera m'manja mwa amuna. Atapempha kuti ayeseko, mkulu woimba chitoliro, Bambo Lindqvist, anaseka mpaka kutsokomola.

"Iwe Doreen, manja akowo ndi okandira buledi basi!"

Doreen anapsa mtima. Anayamba kuphunzirira kutsogolera nyimbo pa kwaya ya kutchalitchi kwawo.

Chaka china wotsogolera okestra ija anaterereka pa madzi oundana n'kuthyoka mkono, ndipo panalibenso wina. Doreen anaima kutsogolo, nakweza kamtengo kaja.

Oimba okestra sawomba m'manja, poti amakhala atagwira zoimbira. Akakhutira amakhwekhwereza mapazi pansi. Nyimbo itatha, kunali zii. Kenaka kumbuyo kunamveka nsapato imodzi yolemera ikukhwekhwereza, ena onse n'kutsatira.

"Mukundiyang'ana chiyani?" anakalipa Bambo Lindqvist. "Phazi langoyabwa ili."

Doreen anatsogolera gululo mpaka kupuma ntchito, ndipo phazi lija sanaliiwale. Pamaliro a mkuluyo anthu ankalira mwakachetechete. Doreen anaima pafupi ndi bokosi, nakhwekhwereza nsapato yake pansi.