Chithunzi cha M'mutu Mwanga Chinafika ku Estates Ine Ndisanafike

Chizindikiro choyamba chinali mutu. Unayamba kuwawa mu Meyi, patapita milungu isanu chigwereni panjinga pafupi ndi sitesheni ya sitima. Ndinkamwa panado n'kumapita kuntchito ku fakitale. Kenako mwendo wakumanzere unayamba kukokeka, ndipo tsiku lina ndinaiwala dzina la mdzukulu wanga ali pamiyendo panga.

Mkazi wanga ananditengera kuchipatala kuno ku Kafue, ndipo madokotala anatitumiza ku Lusaka. Tinadikira masiku anayi kuti ndilowe m'makina ojambula m'kati mwa mutu. Dokotala anationetsa banga pakati pa chigaza ndi ubongo. "Ni magazi, ba tate, yanagwirana," anatero. "Tizaboola pang'ono, tichose. Ubongo wanu uli che bwino."

Mwana wanga Misozi anajambula chithunzicho ndi foni n'kuchitumiza ku gulu la mpingo wake, kupempha mapemphero. Anachita mwachikondi, koma sanandifunse, ngakhale ndinali pomwepo ndipo ndinkalankhula.

Opaleshoni inayenda bwino. Ndinagona m'chipatala masiku khumi ndi awiri. M'mawa uliwonse nesi ankandifunsa dzina langa ndi tsiku, kenako ankati ndimufinye zala. Tsiku lachisanu ndi chimodzi anaseka. "Lekani, ba tate, muzanityola!"

Kwa zaka zoposa makumi awiri ndinali shibukombe, wonyamula mawu a ukwati pakati pa mabanja awiri. Loweruka ndinkavala jekete yanga yotuwa, mbale zovundikira zili m'manja, n'kuyenda pansi m'misewu ya Estates, dera lathu la nyumba za antchito kuno ku Kafue, nthawi imene nyumba zinali zidakali ndi penti ndipo mabasi a kampani ankadzaza antchito. Atonga, Abemba, Asoli, onse ankandituma, chifukwa sindinkawonjezera mawu kapena kuchotsapo. Ana a maukwati amenewo ena ndi aphunzitsi tsopano.

Nditatuluka mu Julayi ndinapeza chithunzi chija chili m'mafoni a anthu ambiri. Ankandilonjera mokweza ndi pang'onopang'ono, ngati akulankhula ndi mwana. Mnzanga wakale, ba Mweemba, anali atandipempha ndisanadwale kuti ndidzayendere mwana wawo wamwamuna pa za ukwati. Anatuma munthu wina osandiuza. Mkazi wawo anauza mkazi wanga kuti anaona banga lija, ndipo ankaopa kuti ndikasokoneza mawu kwa apongozi. Paukwati ndinakhala kumbuyo ndi alendo.

Pobwerera kukaonana ndi dokotala ndinam'fotokozera zimenezi. Anandijambulanso, ndipo banga linali litatha. "Chithunzi ni chanu," anatero. "Kulibe afunika kuchituma ngati imwe simunavomere." Misozi atamva zimenezi anapepesa akulira, ndipo anapempha kuti atumize chatsopanocho kuti anthu aone kuti ndachira. Ndinakana. Sindinafune kuti mawu anga akhulupiridwe chifukwa cha makina.

Lero papita chaka ndi miyezi itatu. Ndinabwerera kuntchito, ndimayenda pansi mpaka kumsika, ndipo mutu suwawanso. Palibe amene wanditumanso za ukwati, ndipo ndimaisowa ntchito imeneyo.

Mukagwa n'kumenya mutu, kenako mutu n'kumawawa kwa masiku, pitani kuchipatala msanga, ngakhale pasaoneke bala. Ndipo inu osamalira odwala, mukafuna mapemphero, tumizani dzina lake lokha. Mulungu safuna chithunzi kuti adziwe podwala.