Mbale ya Mbatata ya Mkamwini

Kufakitale ya akasinja aang'ono ozonda adani, kunja kwa mzinda wa Warsaw, kuli mkulu wina wokhoma zitsulo amene amadana ndi msilikali wonenepa. Akangoona mimba, nkhope imagwa. "Kasinja wathuyu ndi bokosi la machesi," amatero. "Anthu awiri, injini pakati, potulukira ngati pakamwa pa botolo."

Mkamwini wake Ignacy amayendetsa kasinja wotereyu, ndipo Lamlungu lililonse mkuluyu amamulanda mbale ya mbatata isanathe. Tsiku lina Ignacy zinamukwana.

"Apongozi, kodi ndinakwatira kunyumba ya njala?"

Mkuluyu sanaseke. Anapisa m'thumba n'kuika patebulo kachidutswa ka chitsulo kopyapyala, kobooka pakati.

"Khoma la kasinja wanu ndi ili, akamwini. Chipolopolo chimodzi chokha chinaboola apa, poyesa chaka chatha. Thanki ya petulo ili kumsana kwanu, moto suchedwa. Ine nkhalamba ndimatuluka ndisanawerenge kufika khumi. Inu tsiku lomwe munkayeserera kutuluka ndinafika makumi awiri mimba yanu ikadali yopanika pachitseko."

Ignacy anayang'ana mkazi wake woyembekezera, n'kukankhira kutali mbale ija yekha.